Funsani za Chiyankhulo: Kodi liwu lakuti “influence” m'Chichewa tiziti chiyani?

FUNSO: Akonzi, ine ndine mphunzitsi wa phunziro la mbiri yakale pasukulu ina yasekondale yoyendera m'boma la Dedza. Ophunzira anga a Fomu 4 amakumana ndi liwu lakuti influence pafupifupi m'mutu uliwonse, ndipo ndikafuna kuwamasulira m'Chichewa ndimangoti “chikoka”. Tsiku lina mtsikana wina anandifunsa ngati n'koyenera kunena kuti mmishonale Joseph Booth anali ndi chikoka pa John Chilembwe, popeza kwawo chikoka amanenera munthu wosiririka kapena nyimbo yokoma. Ndinasowa chomuyankha. Kodi liwuli limatanthauza chiyani kwenikweni, nanga m'Chichewa tiziti chiyani?

YANKHO: Aphunzitsi, mukamuuze mtsikanayo kuti sanalakwe, ndipo mukamuyamikire chifukwa khutu lake lamva chimene omasulira ambiri odziwa ntchito sakuchimvanso masiku ano.

Tiyambe ndi kumene liwuli linachokera. Gwero lake ndi mneni wa m'Chilatini wakuti influere, amene anapangidwa ndi mawu awiri: in, kutanthauza m'kati, ndi fluere, kutanthauza kuyenda kwa madzi. Linalowa m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300, ndipo nthawi imeneyo linkanena za nyenyezi. Anthu a ku Ulaya ankakhulupirira kuti kuchokera ku nyenyezi kumatsika chinthu chosaoneka, choyenda ngati madzi, chimene chimalowa mwa munthu n'kusintha khalidwe lake, thanzi lake ngakhalenso tsogolo lake. Patapita zaka liwuli linayamba kunena za anthu, koma chithunzi cha madzi chija sichinachoke. Mpaka lero limanena za mphamvu yosintha maganizo kapena zochita za wina popanda kumulamula, mphamvu yolowa mwakachetechete monga mmene chinyontho chimalowera m'khoma la zidina m'dzinja, mwini nyumba n'kudzazindikira khoma litafewa kale.

Polemba mayeso m'Chingerezi, ophunzira anu akumbukire kuti liwuli limagwira ntchito ngati dzina komanso ngati mneni. Likakhala dzina limatsatidwa ndi mperekezi on, nthawi zina over, koma likakhala mneni silifuna mperekezi aliyense, pamtherankhani amangobwera pompo. Ambiri amasakaniza ziwirizi n'kuika on pakati pa mneni ndi pamtherankhani. Potchula, mawu amatsindika pa phatikizo loyamba, osati lapakati.

Tsono tibwere kwathu. Liwu limodzi la Chichewa lolowa m'malo mwa influence paliponse palibe, ndipo ine sindikuona kuti chimenechi ndi chilema. Chingerezi chimakonda kulongedza zochitika zambiri m'dzina limodzi, pamene Chichewa chimanyamula nkhani yake m'aneni, kotero kuti munthu woyankhula Chichewa sangangoti panali mphamvu ina yake n'kulekera pomwepo. Chiyankhulo chimamukakamiza kunena kuti ndani anachita chiyani kwa yani.

Chikoka ndi dzina lochokera ku mneni kukoka. Mlaliki wachikoka ndi uja anthu amadzaza tchalitchi kuti akamumve, woyimba wachikoka ndi uja akangogwira gitala anthu amasiya zochita, ndipo nsalu yamawanga owala pamsika ili ndi chikoka kwa odutsa. Chikoka chimakhala mwa wokokayo, ndipo ntchito yake ndi kusendeza anthu kufupi. Munthu angathe kukhala nacho chochuluka koma osasintha maganizo a wina aliyense, monganso nkhalamba yosayankhulayankhula, yopanda chikoka ngakhale pang'ono, ingathe kutembenuza mudzi wonse ndi mawu awiri.

Zimenezi ndinaziphunzira movutikira. Zaka zapitazo bungwe lina linandipatsa kapepala kofotokoza zifukwa zimene atsikana amasiyira sukulu kuti ndikaunike asanakasindikize. Womasulira anali atalemba kuti “umphawi uli ndi chikoka pa atsikana kusiya sukulu”, ndipo ine ndinakavomereza chifukwa diso langa linali litazolowera Chichewa cha m'maofesi. Titapita kukayesa kapepalako pagulu la amayi amene anakhala pamikeka pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa sukulu ina, mayi wina wachikulire, atabereka mdzukulu kumbuyo, anakweza dzanja nati, “Bambo, tabwerezani pamenepo. Umphawi ungakhale ndi chikoka? Ndani amausirira?” Amayi onse anavomereza ndi mitu. Tinafufuta ndi cholembera pomwepo n'kulemba kuti “umphawi umachititsa atsikana kusiya sukulu”, ndipo zokambirana zinayamba nthawi yomweyo, aliyense akutchula za yunifolomu, sopo ndi njala ya m'mawa. Chiganizo choyamba chija chikanasindikizidwa m'makope ambirimbiri, amayi ngati amenewa akanangochipinda n'kukulungira mchere.

Choncho pamene chinthu chopanda moyo ndicho chikusintha zinthu, monga umphawi, mvula kapena kukwera kwa mtengo wa feteleza, gwiritsani ntchito msintho wochititsa: chimachititsa, chimakwezetsa, chimachedwetsa, chimabwezeretsa m'mbuyo. Nthawi zina mneni kukhudza amakwanira, ngakhale kuti naye tayamba kumusenzetsa katundu woposa msinkhu wake.

Pakati pa anthu, mneni amene amagwira ntchito yaikulu ndi kutengera. Timati mwana watengera bambo ake kayendedwe, wophunzira watengera aphunzitsi ake kalembedwe, mkamwini watengera kayankhulidwe ka kuchikamwini. Taonani kuti m'Chichewa mwininkhani ndi wolandirayo, chifukwa ndiye amatenga, pamene m'Chingerezi mwininkhani ndi wopatsayo. Makolo athu ankati “make mbuu, mwana mbuu”, ndipo pochenjeza za anzathu oipa ankati nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Ngati kutengerako kwachitika mopanda kuganiza, timasintha mneniyo n'kunena kuti munthu watengeka, monga mnyamata wotengeka ndi anzake amene wayamba kusuta chamba.

Palinso kusonkhezera, liwu limene ndimalikonda chifukwa chithunzi chake aliyense wokulira pamafuwa amachidziwa. Moto ukayamba kuzilala, nkhuni zitapsa kumutu, mayi amagwira chikuni kumapeto kozizira n'kuchikankhira pakati pa mafuwa, kenako amauzira pang'ono, lawi n'kudzukanso pansi pa mphika. Sanayatse moto watsopano, wangoupatsa chakudya. Munthu wosonkhezera mkangano, chiwawa kapena chidani amachita chimodzimodzi, ndipo kawirikawiri liwuli limanena za zoipa. Zikakhala zabwino timati kulimbikitsa.

Tsopano tingathe kuyankha funso la mtsikana uja. Joseph Booth anafika m'dziko muno mu 1892, ndipo Chilembwe anayamba kugwira ntchito panyumba pake chaka chomwecho. Booth ankaphunzitsa poyera kuti anthu akuda ndi ofanana ndi azungu ndiponso kuti Africa ndi wa eni ake, ndipo mu 1897 anapita ndi Chilembwe ku America, kumene anakaphunzira zaubusa mumzinda wa Lynchburg ku Virginia. Chilembwe anabwerako mu 1900 n'kukhazikitsa mishoni ya Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu. Pofotokoza zimenezi n'koyenera kunena kuti Booth anamutsegula maso Chilembwe, kapena kuti Chilembwe anatengera maganizo ambiri a Booth. Koma wophunzira akalemba kuti Booth anasonkhezera kuukira kwa Chilembwe kwa pa 23 Januwale 1915, ameneyo wamuimba Booth mlandu umene ayenera kuupezera umboni, pakuti Booth anali munthu wodana ndi nkhondo ndipo anali atachoka m'dziko muno zaka zoposa 10 m'mbuyomo. Zimene zinasonkhezera moto umenewo zinali pafupi: thangata ndi nkhanza za m'minda ya azungu ya kampani ya A. L. Bruce ku Magomero, kutenthedwa kwa matchalitchi a Chilembwe m'mindamo, ndi kutengedwa kwa anthu akuda kukafera pankhondo ya azungu imene inayamba mu 1914. M'Chingerezi wophunzira angathe kubisala kuseri kwa liwu limodzi lija osasankha mbali, koma m'Chichewa mneni amene wasankha amaulula ngati nkhaniyo waimvetsa. N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti muziwauza ana anuwo ayambe afotokoza yankho m'Chichewa asanalilembe m'Chingerezi.

Tanthauzo lina ndi la munthu amene alibe udindo wolamula koma zonena zake zimatsatidwa. Apa ena amathamangira liwu lakuti mphamvu kapena ulamuliro, koma amenewa ndi a munthu wokhala ndi chidindo, apolisi kapena bwalo la milandu. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a mpingo wa Katolika inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse, ndipo pa 14 Juni 1993 Amalawi anavota pa riferendamu kusankha ndale za zipani zambiri. Maepiskopiwo analibe msilikali ngakhale mmodzi, ulamuliro wonse unali m'manja mwa boma la Dr Hastings Kamuzu Banda. Chimene anali nacho n'chakuti mawu awo ankamveka, ndipo kalatayo inamasula anthu pakamwa. Kumudzi timazidziwa bwino zimenezi, chifukwa pakati pa Achewa mfumu ikamwalira amayi akuluakulu a mbumba ndiwo amakhala ndi mawu aakulu pa za amene alowe ufumu, ngakhale kuti pabwalo oyankhula mokweza amakhala amuna. Za anthu otere timati mawu awo ndi olemera, kapena kuti akayankhula anthu amamva.

Pomaliza pa funso lanu, mukamaphunzitsa za Apwitikizi m'chigwa cha Zambezi musanene kuti Chipwitikizi chinali ndi chikoka pa Chichewa. Ingonenani kuti Chichewa chinabwereka mawu ku Chipwitikizi, n'kuwapatsa ana zitsanzo zimene ali nazo m'manja ndi kumapazi: kalata, nsapato, mbatata, makina, kapitawo, kachasu.

FUNSO: Ndine namwino pachipatala china chaching'ono ku Mulanje. Kodi dzina la matenda a fuluwenza likugwirizana ndi liwu lakuti influence, kapena angofanana katchulidwe?

YANKHO: Mayi, akugwirizana ndithu, ndipo ndi ana a mimba imodzi. Influenza ndi mmene Ataliyana amatchulira liwu lomwelo la influence, ndipo ankalinenera mliri chifukwa cha chikhulupiriro chija chakuti matenda ogwa mwadzidzidzi pa anthu ambiri amatsika kuchokera ku nyenyezi. Angerezi anabwereka dzinali mu 1743, pamene mliri wa chimfine unafalikira ku Ulaya kuchokera ku Italy, ndipo pambuyo pake analidula n'kutsala flu. Ife tinalilandira n'kuliumba monga mwa lilime lathu kukhala fuluwenza. Mliri waukulu wa matendawa unali wa mu 1918, umene akatswiri ambiri amati unapha anthu pafupifupi 50 miliyoni padziko lonse, ndipo unafikanso kuno ku Nyasaland nkhondo yoyamba ya dziko lonse ikutha. Kachilombo koyambitsa matendawa mwa anthu kanadzapezeka mu 1933, koma dzina la nyenyezi lija linakanirira. Pouza odwala anu, “chimfine chachikulu” kapena “fuluwenza” onse amamveka bwino.

FUNSO: Ine ndimakhala ku Johannesburg ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 22. Iye akuti ntchito yake ndi ya influencer, ndipo ndalama akupezadi. Agogo ake ku Ntcheu amandifunsa pafoni kuti mdzukulu wawo amagwira ntchito yanji, ine n'kusowa mawu. Ndiziwauza chiyani?

YANKHO: Mayi, auzeni agogowo kuti mdzukulu wawo amatsatsa malonda a makampani pa intaneti. Akafuna kudziwa zambiri, afotokozereni kuti iye amajambula zithunzi ndi makanema n'kumaika pamasamba a mchezo monga Facebook, Instagram ndi TikTok, kuti pali anthu ambiri amene amamutsatira tsiku ndi tsiku, ndipo kuti eni malonda amamulipira kuti avale chovala chawo, adzole mafuta awo kapena adyere pamalo awo anthuwo akuona. Agogo amene anaonapo mtsikana wovala bwino akuyenda pamsika wa Lizulu, anzake n'kumamufunsa kumene wagula chitenje, sangavutike kumvetsa. Kusiyana kwake n'kwakuti msika wa mdzukuluyu uli m'foni, ndipo mwini chitenje amamupatsa kangachepe.

Pano ndiye pamene liwu lakuti chikoka lili pakwawo. Chimene makampani amagula kwa mwana wanuyo ndi chikoka chenicheni, mphamvu yokokera maso a anthu kumene iye ali, kotero kuti kunena kuti ndi mtsikana wachikoka pamasamba a mchezo ndi Chichewa cholongosoka. Nyuzipepala ndi wailesi zathu zimakonda kunena kuti “otchuka pamasamba a mchezo”, ndipo munthu akasainirana mgwirizano wokhalitsa ndi kampani imodzi zimamutcha kazembe wa kampaniyo. Onsewa ndi mawu abwino, ndipo sindikuona chifukwa chopekera liwu latsopano lovuta kutchula.

Chimodzi chokha ndikupempheni monga kholo linzanu. Omutsatirawo amamukhulupirira ngati mnzawo, ndipo akamva akuyamikira mafuta odzola amayesa kuti akuyankhula zochokera mumtima. Mulangizeni kuti pamene walipidwa azinena poyera kuti walipidwa, ndiponso kuti asamatsatse mankhwala oyeretsa khungu, ochepetsa thupi kapena njira zopezera ndalama mwachangu zimene iye mwini sakuzidziwa bwino, chifukwa atsikana anzake amene adzatengeke ndi mawu ake ndiwo adzavulale.

FUNSO: Bambo athu aang'ono anamwalira chaka chatha atadwala nthawi yaitali. Patangotsala milungu iwiri kuti atisiye anasintha wilo yawo n'kupereka nyumba ndi munda kwa wachibale amene ankawadwazika, ana awo osalandira kanthu. Loya wina anatiuza kuti nkhaniyi ingakhale ya undue influence. Akuluakulu a kubanja akufuna ndiwafotokozere m'Chichewa pamsonkhano wathu. Nditani?

YANKHO: Achimwene, pepani ndi zovutazo. Ine ndikuthandizani pa mawu okha, za mlanduwo mupitirize ndi loya wanuyo, kapena mukafike ku ofesi ya Legal Aid Bureau ngati ndalama zili zovuta.

Mawu amene loyayo ananena amatanthauza kupanikiza munthu mpaka achite chimene mtima wake sukufuna, makamaka munthu wofooka chifukwa cha matenda, ukalamba kapena kudalira wina pa chilichonse. Pamsonkhanopo mukanene kuti funso limene khoti lingafunse ndi lakuti: kodi malemuwo analemba zofuna zawo, kapena wina anapezerapo mwayi pa kudwala kwawo n'kuwalembetsa zofuna zake? Akuluakulu akamva msanga mukanena kuti nkhani ndi yofuna kudziwa ngati malemuwo anadyeredwa masuku pamutu ali pamphasa.

Chichewa chili ndi aneni amene amasiyanitsa bwino zimene lamulo limasiyanitsa. Pali kupempha, kudandaulira ndi kunyengerera, ndipo zimenezi pazokha sizithetsa wilo, pakuti wachibale amene wasiya ntchito zake n'kumachapa, kuphikira ndi kutembenuza wodwala usiku ali ndi ufulu wonena kuti mundikumbukire, ndipo wodwalayo ali ndi ufulu womuthokoza ndi chuma chake. Kenako pali kukakamiza, kuopseza ndi kupanikiza, monga kuuza wodwala kuti mukapanda kusaina ndikusiyani nokha, kumubisira mankhwala, kapena kutsekereza ana ake pakhomo kuti asamuone kufikira atasaina. Zoterezi zikatsimikizika, khoti lingathe kuikana wiloyo. Dziwaninso kuti udindo wobweretsa umboni umakhala pa amene akudandaula, ndipo kukayikira kokha sikukwanira.

Ndikuchenjezeni pa kasankhidwe ka mawu, chifukwa pamsonkhano wa pabanja liwu limodzi lingathe kuswa mbumba. Musakayambe ndi kunena kuti wachibaleyo anakakamiza malemu, popeza pamenepo mwagamula kale mlandu umene simunaufufuze, ndipo iye adzangoimirira n'kuchoka. Mukanene kuti banja likufuna kudziwa mmene wilo yachiwiriyo inalembedwera. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limafuna kuti wilo ikhale yolembedwa ndiponso yosainidwa pamaso pa mboni zosachepera ziwiri, choncho mafunso oyamba ndi odziwikiratu: mbonizo zinali ndani, anaziitana ndani, wolemba anali ndani, ndipo tsiku limenelo malemuwo ankazindikira anthu kapena ayi. Lamulo lomwelo limapatsanso mkazi ndi ana a malemu mwayi wokadandaula kukhoti ngati wilo yawasiya opanda chowathandiza, ndipo mfundo imeneyi mukamufunse loya wanu payokha, chifukwa siidalira kuti wina anapanikizidwa kapena ayi. Mukapita kwa loyayo mutenge makope a mawilo onse awiri, buku la kuchipatala la malemu, ndi mayina a anthu amene ankalowa m'nyumbamo m'milungu iwiri yomalizayo.